Boti Lagudubuka pa Luangwa, Alipire Ndani?

Funso: Ndine wowotcherera zitsulo kuno ku Kapata, mu Chipata. Chaka chatha bambo wina wa ku Mambwe anandiuza kuti ndimupangire boti lachitsulo lowolotsera katundu pa Luangwa. Pulani ndinajambula ndekha pa katoni, ndipo atafuna denga la malata ndinaikapo. Mu Febuluwale, mtsinje utadzaza, botilo linapendekeka n'kugudubuka ndi matumba 24 a chimanga. Anthu onse anapulumuka. Tsopano loya wake wandilembera kalata kuti ndilipire. Kodi ndikagula inshuwalansi lero, indiombola?
Wowotcherera, Kapata

Yankho: Pepani achimwene, siikuombolani. Inshuwalansi ya akatswiri, imene makampani amaitchula kuti professional indemnity, imalipira madandaulo amene afika pamene polise yanu (pangano lanu ndi kampani ya inshuwalansi) ikugwira ntchito, osati mlandu umene mukuudziwa kale. Pa fomu yofunsira pamakhala funso loti kodi pali chilichonse chimene chingakubweretsereni mlandu. Mukabisa kalata ya loyayo, polise ikhoza kuthetsedwa, ndalama zanu n'kupita pachabe. Ndagulitsa inshuwalansi zaka zambiri, ndipo pamzere umenewu ndi pomwe anthu amayamba kukanda m'mutu.

Tiyeni tione mlanduwo. Khoti silifunsa ngati boti linamira, limafunsa chimene chinalimiza, komanso ngati munachita zimene mmisiri wosamala akanachita. Inu munavala zipewa ziwiri: cha wojambula pulani ndi cha wowotcherera. Ngati msoko wowotcherera unang'ambika madzi n'kulowa, kumeneko ndi kulakwa kwa manja, ndipo inshuwalansi ya akatswiri nthawi zambiri siilipira kulakwa kotere. Kumafuna polise ina ya katundu amene mwapanga. Ngati boti linali lopapatiza kapena lolemera kumwamba, kumeneko ndi kulakwa kwa pensulo, komwe inshuwalansiyi inapangidwira.

Denga lija likundidetsa nkhawa. Chilichonse cholemera chimene mwaika pamwamba chimachepetsa mphamvu ya boti yodziwongola likapendekeka. Onjezanipo madzi ochepa amene amalowa n'kumathamangira mbali imodzi pansi pafulati, basi zatheka. N'chifukwa chake ojambula sitima amayesa chombo chikatha: amasunthira zolemera mbali iyi ndi iyo n'kuyeza kupendekeka kwake. Anzathu a ku Malawi amakumbukirabe sitima ya Vipya, imene inagudubuka pa nyanja ya Malawi mu 1946, ikadali yatsopano, n'kupha anthu 145. Kunena kuti "mwini wake ndiye anafuna denga" kumathandiza pang'ono chabe. Katswiri munali inu, munayenera kumuchenjeza, makamaka polemba.

Koma nayenso mwini boti ali ndi zoti ayankhe. Matumba 24 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 1,200, osawerengera anthu ndi njinga zawo. Kodi munamuuza malire a katundu? Munawalemba ndi penti pambali pa boti? Nanga botilo linalembetsedwa ndi kuyenderedwa monga likufunira lamulo la Inland Waters Shipping Act? Ngati anapyola muyezo kapena anawoloka madzi atakwiya, khoti likhoza kugawa kulakwako, chipukuta misozi n'kuchepa.

Za m'tsogolo, kalembetseni ku Engineering Institution of Zambia, kumene amalandiranso amisiri, ndipo pulani ya boti muzimuonetsa injiniya. Polise mugule kwa kampani kapena buloka (mkhalapakati wogulitsa inshuwalansi) wa laisensi ya Pensions and Insurance Authority. Mufunse tsiku limene ntchito zanu zakale zikuyambira kuwerengedwa, komanso ndalama imene inu muzilipira kaye kampani isanalowererepo. Poliseyo musadzaisiye mukangomaliza ntchito: mlandu wa katundu wowonongeka ukhoza kubwera mpaka zaka 6.

Pakali pano musavomere kulakwa, ngakhale pa WhatsApp, ndipo musapite kwa bamboyo ndi nkhuku yopepesera musanaonane ndi loya. Ngati thumba lili lopepuka, yambirani ku Legal Aid Board. Tengani kalatayo, malisiti a zitsulo, mauthenga onse okhudza denga, ndi katoni ija ngati ana sanasonkhezere moto.