Digiri yanu ndi ya Chemistry koma mtima uli ku nyimbo

Wowerenga wina watilembera kuti: "Ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, ndikuphunzira Chemistry. Ndimaimba kiyibodi kutchalitchi kwathu ndipo tonic sol-fa ndimaidziwa. Kodi ndingatengeko makosi a nyimbo osaika digiri yanga pachiswe?"

Mungathe ndithu, bola muwerenge maola, osati ma credit, mapointi aja omwe kosi iliyonse imawerengedwa nawo pa digiri. Kosi ya kwaya kapena ya chida ikhoza kukhala ndi ma credit ochepa papepala, koma imadya nthawi kuposa kosi ya m'kalasi, chifukwa pali kukonzekera kwa gulu, kuyeserera kwa panokha ndi tsiku la konsati lomwe simungalisunthe. Magulu oimba amakonda kukumana masana, nthawi yomweyo imene inu mumakhala mu labu maola atatu. Ikani ma timetable awiriwo pamodzi musanalembetse, kenako mukaonane ndi mkulu wa dipatimenti yanu komanso wa nyimbo. Afunseni ngati kosiyo idzawerengedwe pa digiri yanu, ngati pali mayeso olowera, ndiponso ngati mungaloledwe kumangokhala nawo m'kalasi osalemba mayeso. Yankho likhale lolembedwa.

Tsopano ku luso lanu. Sol-fa idzakuthandizani kwambiri pa maphunziro a khutu, pomwe mphunzitsi amaliza manoti pa piyano inu n'kulemba zomwe mwamva. Amene anakulira m'kwaya amazindikira msanga kuti uyu ndi doh wakwera kupita pa soh. Vuto limabwera polemba zimenezo pa staff, mizere isanu ija yolembapo manoti. Doh wanu amasuntha, koma noti ya pa mzere ili ndi dzina limodzi basi. Doh akakhala pa G, te amakhala F sharp. Akakhala pa F, fah amakhala B flat. Kuiwala chizindikiro chimodzi chokhacho cha sharp kapena flat kumalakwitsa nyimbo yonse. Choncho tchuthi chikubwerachi tengani nyimbo ya m'buku la kutchalitchi, muzisamutsa mzere umodzi patsiku kuchoka mu sol-fa kupita pa staff, mawu a soprano pa treble clef, a besi pa bass clef.

Kiyibodi nayo ili ndi msampha wake: batani la transpose. Oimba ambiri a m'matchalitchi nyimbo zonse amaziimbira mu kiyi imodzi, batani n'kumawasinthira. Piyano ya m'chipinda cha mayeso ilibe batani limenelo, ndipo makiyi ake 88 ndi olemera kusiyana ndi 61 opepuka omwe zala zanu zinazolowera. Lisiyeni batanilo lero. Yambani ndi ma scale (kukwera kuchoka pa doh mpaka doh wapamwamba n'kutsikanso) a C, G, D, F ndi B flat, dzanja lililonse palokha, mwapang'onopang'ono, kenako manja onse. Mphindi 30 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola anayi Loweruka, pakuti zala zimagwira mwa kubwereza, sizili ngati notsi zoloweza usiku wa mayeso.

Pa harmony, luso losanja mawu angapo oimbidwa pamodzi, konzekerani kukhumudwako pang'ono. Mukamalemba mawu anayi m'kalembedwe ka ku Ulaya kamene amaphunzitsa m'kalasi, besi akachoka pa doh kupita pa ray pomwe tena akuchoka pa soh kupita pa lah, mphunzitsi adzazunguliza ndi cholembera chofiira. Zimenezo amati parallel fifths. Si kuti n'zoipa kumva, makwaya ambiri amaimba choncho ndipo zimakoma, koma mu kalembedwe kameneko mawu awiriwo amamveka ngati amodzi. Mankhwala ake n'kuyendetsa mawu apamwamba motsika besi akamakwera.

Semesita yoyamba tengani kosi imodzi yokha, ya theory yoyambira, chifukwa ndiyo imatsegula zinazo. Fufuzaninso ngati imaphunzitsidwa kamodzi pachaka. Ngati ndi choncho, mukaiphonya mudikira chaka chathunthu, ndiye kosi yotsatira ikagwera m'chaka chomaliza, pomwe pulojekiti ya Chemistry idzakhala itakupanani pakhosi.