Funso la aphunzitsi a Chemistry: flipped classroom ingatheke pa CDSS?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa Chemistry pa CDSS ina yake kumudzi. Akuti ku training anamvako za flipped classroom, ija yoti ana amaonera phunziro pa vidiyo kunyumba kenako mkalasi nkumapanga ma exercise, ndiye akufunsa kuti "izi si za azungu izi? Ine ndili ndi ana 70 mu Form 3, mafoni ndi a makolo, bandulo ndi yodula, ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, zikomo polemba. Amene anaitchukitsa njira imeneyi ndi anzanu a Chemistry omwe, Jonathan Bergmann ndi Aaron Sams, pa Woodland Park High School ku Colorado, ku America, cha mu 2007. Sukulu yake ili kumapiri, ana opita kumasewero amayenda mitunda italiitali nkumajomba ma period, ndiye aphunzitsiwa atatopa kubwereza phunziro lomwelomwelo kwa aliyense wojomba anayamba kujambula mawu awo pamodzi ndi ma slide pa kompyuta. Ana opanda intaneti kunyumba ankawaikira pa DVD ndi pa flash. Mwaonatu, vuto la intaneti silinayambe ndi ife ayi.

Koma chomwe ndikufuna mugwire ndi ichi, vidiyo ija si mwini nkhani. Taganizani, mwana amakufunani nthawi iti? Pomwe mukulemba notsi pa bolodi iye akukopera, pamenepo ngakhale monitala atha kulemba. Amakufunani usiku uja wakhala ndi homuweki ya mole concept (kawerengedwe ka kuchuluka kwa tizigawo ta zinthu mu Chemistry), wafika pa nambala ya Avogadro, 6.02 x 10^23, mutu waima, mnyumba monse palibe womufunsa, agogo za Avogadro alibe nazo ntchito, mapeto ake mmawa amangokopera kwa mnzake pansi pa mtengo belu lisanalire, inu nkuchonga kuti aliyense wakhoza. Kutembenuza kwake, komwe ndi tanthauzo la mawu oti flipped, ndi kumeneko basi, zophweka zija zomvetsera azichitira kunyumba, zovuta zija azichitira pamaso panu mu 40 minitsi yanu ija.

Ndipo zimatheka opanda vidiyo. Eric Mazur, mphunzitsi wa Physics ku yunivesite ya Harvard ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anazindikira kuti ana ake amatha kulowetsa manambala mu fomula koma malamulo a Newton sakuwamvetsa kwenikweni. Anayamba kuwauza kuti aziwerengeratu asanabwere, mkalasi iye amaponya funso limodzi, aliyense asankhe yankho, kenako atembenukire kwa woyandikana naye amutsimikizire chifukwa chake, nkusankhanso kachiwiri. Kalasi ya 70 izi zimayenda bwinobwino, mwana amamva msanga kwa mnzake amene wangomvetsa kumene kusiyana ndi inu amene munaiwala kalekale kuti pamenepa pamavuta.

Ndiye ku zipangizo. Ine ndingati iwalani kaye za YouTube. Za Khan Academy, bungwe loika mavidiyo a maphunziro pa intaneti, ndi zabwino ndithu koma Chizungu chake ndi chaku America ndipo sizitsata silabasi ya MSCE ndondomeko yake, ana ambiri amangoyang'ana zithunzi. Jambulani nokha pa foni yanu, pepala loyera patebulo, foni pamwamba, dzanja likulemba inu mukufotokoza, posakaniza ndi Chichewa pomwe pavuta. Isapitirire 6 minitsi. Kapena voice note ndi chithunzi cha tsamba limodzi pa gulupu ya WhatsApp, zimenezo bandulo yake siwawa. Mmodzi akadawunilodi ena atengerane pa Bluetooth kapena Xender kapena pa memory card, ana athu nyimbo amagawana chonchi tsiku ndi tsiku, simuchita kuwaphunzitsa.

Opanda foni nkomwe musawasiye, apa ndiye pamene njirayi imagwera anthu. Tinaona mu 2020 sukulu zitatsekedwa mwezi wa Malichi chifukwa cha Covid, amene anali ndi foni ndi wailesi anapitiriza, enawo anangokhala. Apatseni pepala la zomwezo, kapena tsamba la m'buku loti awerenge ndi mafunso atatu, kapena akhale magulu aonere pa foni yanu akaweruka. Komanso kumbukani mtsikana amene akafika kunyumba kuli kutunga madzi, kuphika, kutsuka mbale, akamamaliza kwada ndipo foni bambo apita nayo. Nchifukwa chake ndikukakamira zoti zikhale zazifupi, ndipo muzitumiza kukadali masiku awiri kapena atatu osati usiku woti mawa ndi phunziro.

Musanayambe kambiranani ndi a hedi ndi a PTA, poti masukulu ambiri foni ndi yoletsedwa ndipo kholo likaona mwana ali pa WhatsApp usiku silikhulupirira kuti ndi Chemistry.

Chinthu china, sabata yoyamba theka la kalasi lidzabwera osaonera, zimenezo yembekezerani. Mtima udzakuuzani kuti ingobwerezani phunziro lonse pa bolodi. Chonde musatero, mukangotero kamodzi ngakhale aja anaonera adzati ah, kani amadzabwerezanso, ndiye basi yathera pomwepo. Yambani ndi mafunso atatu ofulumira kuti mudziwe ndani wakonzeka, osakonzekawo akhale pakona awerenge pepala lija 10 minitsi anzawo atayamba kale ntchito. Kalasi idzakhala yaphokoso kuposa kale, a hedi akadutsa pawindo mwina adzadabwa, nchifukwa chakenso ndati muwauziretu.

Za kumaliza silabasi ndikudziwa zikukudetsani nkhawa. Musatembenuze temu yonse, sankhani topiki imodzi yomwe ana amagwa chaka ndi chaka, ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi mole concept yomweyo, mavidiyo atatu kapena anayi, masabata awiri. Mukapereka tesiti mufanizire ndi momwe kalasi ya chaka chatha inakhozera pa topiki yomweyo, kenako mundilembere ndimve kuti zayenda bwanji, makamaka aja opanda foni.