Nyali yofiira ya mabuleki ikamayaka handibuleki ili yotsitsa

Achimwene, mwati nyali yofiira ya mabuleki pa galimoto yanu ya Sienta imayaka mukamakwera zitunda za ku Ndirande kapena pokhota, kenako n'kuzima yokha, chonsecho handibuleki mwatsitsa. Kawirikawiri zikatero ndiye kuti mapadi atha, tizidutswa timene timapana disiki ya wilo kuti galimoto iime.

Mapadi akamadyeka, mapisitoni a mabuleki amatuluka kwambiri kuti akankhire mapadiwo pa disiki, ndiye brake fluid (mafuta a mabuleki) wambiri amatsikira kumawilo. M'kabotolo kake ka pansi pa boneti fluid amachepa, ndipo galimoto ikapendekeka, kachoyandama ka m'katimo kamatsika n'kuyatsa nyali. N'chifukwa chake imayaka mwa apo ndi apo.

Imikani galimoto pamalo osapendekeka, muone ngati fluid wafika pa mzere wa m'munsi wa pakabotolopo, wolembedwa MIN. Koma chonde musangothira wina n'kumati zatheka. Nyali izima, inde, koma mapadi akhalabe otha. Amakaniko achotse mawilo muone ndi maso anu. Padi yatsopano imakhala yochindikala pafupifupi mamilimita 10, ikafika pa 3 isinthidwe, mawilo onse awiri, lakumanja ndi lakumanzere, nthawi imodzi. Mukamamva chitsulo chikulira poponda buleki, musazengereze, chifukwa disiki ikadyeka ndalama zake n'zina.

Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti nthawi zina mapadi amapezeka ali bwino koma fluid watsika. Apo ndiye kuti penapake pakudontha. Suzumirani kuseri kwa matayala ngati kwanyowa. Pedulo ya buleki ikamafewa kapena kumira mpaka pansi, galimotoyo isayende, ndipo musayerekeze n'komwe kutsika nayo mapiri a msewu wa ku Chikwawa. Pothira fluid, tsatirani mtundu wolembedwa pachivindikiro cha kabotolo, DOT 3 kapena DOT 4.