Mafunso a Alimi: Kodi chizimalupsa ndi mvula yobzalira?

Funso: Ndimalima chimanga ndi nandolo pamunda wa ekala imodzi kufupi ndi Lunzu. Kumapeto kwa Okutobala kunagwa mvula yamphamvu madzulo amodzi, ndipo m'mawa mwake ndinabzala mbewu yonse ya haibulidi imene ndinagula. Papita milungu itatu tsopano dzuwa likuswa mtengo, chimanga chamera apa ndi apo, ndipo chimene chamera chikupota masamba. Kodi ndinalakwitsa pati? Ndibzalenso kapena ndidikire? — Mayi wa ku Lunzu

Yankho: Pepani mayi, chifukwa mbewu yogula siyotchipa ndipo kuiona ikupsa m'nthaka n'kowawa. Mvula imene munabzalira ija ndi imene makolo athu anaitcha chizimalupsa, kutanthauza kuti ntchito yake ndi kuzimitsa malupsa ndi kugonetsa fumbi basi. Imabwera ndi mabingu chifukwa cha kutentha kwa Okutobala ndi kuchiyambi kwa Novembala, imagwa mwaukali kwa ola limodzi, mwina mbali imodzi yokha ya mudzi, kenaka kumwamba kumayeranso mbee. Kuno kuchigawo cha kummwera mvula yeniyeni yobzalira nthawi zambiri imakhazikika kuyambira pakati pa Novembala mpaka mu Disembala.

Chimene chimachitika pansi n'chakuti njere ikangomwa madzi imadzuka, ndipo ikadzuka siingagonenso. Imatupa, imatulutsa kamuzu koyera, ndipo kamuzuko kakapeza dothi louma ndi lotentha pansi pa kachinyezi kapamwamba kaja, kamafota m'masiku ochepa. N'chifukwa chake mbewu yokwiriridwa m'dothi louma kotheratu imatha kukhala masiku angapo ili bwinobwino, pamene yobzalidwa pa chinyezi chosakwanira imafa. Alangizi ambiri amati mvula yobzalira ifike mamilimita 25 mpaka 30 m'masiku awiri kapena atatu, koma popeza alimi ochuluka alibe choyezera mvula, khasu ndilo liwauze zoona. Kumbani pamzere mpaka dzanja lilowe kufika pamfundo, tapani dothi la pansipo ndi kulifumbata. Likagwirana osayoyoka, chinyezi chalowa, koma mukapeza fumbi pansi pa zala zitatu zokha, bwererani kunyumba ndi mbewu yanu. Anansi akayamba kubzala mtima umathamanga, zimenezi tonse timazidziwa, komabe kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musanaganize zobzalanso, pitani kumunda m'mamawa dzuwa lisanakwere. Chimanga chimene masana chimapota masamba koma m'mawa n'kuwatambasula chikadali moyo, chifukwa kupotako ndi njira yake yosungira madzi, ndiponso pa msinkhu umenewu mtima wa mmera umakhala ukadali pansi pa nthaka, motero mvula ikabwera chimatsitsimuka msanga. Pamapando amene sanamere, fukulani mosamala muone njere. Ikakhala yolimba ndi yosatupa ingathe kumera ndithu. Ikakhala yofewa, yankhungu, kapena ili ndi kamuzu kouma ngati ulusi, yatha. Nthawi zina mupeza kuti palibe njere n'komwe, poti mbewa ndi nkhwali zimafukula mbewu imene yachedwa kumera.

Mukatero werengani mapando m'mizere ingapo ya mbali zosiyana za munda. Kuona kwanga n'kwakuti ngati oposa theka ali moyo, ndi bwino kungopakiza mvula yokwanira ikagwa, koma ngati ambiri afa, bzalaninso munda wonse kuti chimanga chikulire limodzi, chifukwa chopakiza mochedwa chimaphimbidwa ndi chinzake chachikulu ndipo chimabereka tizitsononkho. Ku Lunzu, komwe mvula imakonda kudula msanga, mbewu yobzala kachiwiri ikhale yocha msanga, monga Kanyani, njere imodzi paphando, masentimita 25 pakati pa mapando ndi masentimita 75 pakati pa mizere. Nandolo wanu asakudetseni nkhawa kwambiri, popeza akangogwira mizu yake imapita pansi ndipo amapirira ng'amba kuposa chimanga.

Feteleza musathire dothi lili louma. Wokulitsa sasungunuka popanda chinyezi ndipo akagundana ndi mizu yanthete amaiwotcha, pamene wobereketsa wa Urea akakhala pamtunda padzuwa mphamvu yake imauluka. M'malo mwake, masiku odikirawa agwiritseni ntchito potseka mizere ndi ngonyeka kuti mvula ikagwa madzi aime m'munda, ndi kuyala mapesi kapena udzu pamene mungathe. Muziyang'ananso kunsonga kwa chimanga, m'kati mwa masamba amene akutuluka kumene, chifukwa mbozi za ntchemberezandonda, zimene zinafala m'dziko muno m'chaka cha 2017, zimakonda nyengo yotentha ya ng'amba. Chizindikiro chake ndi timabowo pamasamba ndi ndowe zooneka ngati utuchi.

Funso: Mlamu wanga wa ku Bvumbwe amabzala ine ndisanabzale chaka chilichonse, chonsecho sitinatalikirane kwenikweni. Kodi nditsatire tsiku lake? — Bambo wa ku Lirangwe

Yankho: Ayi bambo, musatsatire. Bvumbwe, Chigumula ndi Limbe ndi malo okwera, ozizirirapo, ndipo mapiri amathandiza kuti mitambo itule mvula kumeneko, pamene Chileka, Lirangwe ndi Mdeka ndi kotsika kulowera ku Shire, kotentha, ndipo dothi limauma msanga ngakhale mvula itagwa yofanana. Nthambi yoona za nyengo, imene likulu lake lili konkuno ku Blantyre, imalengeza ulosi wa dzinja lonse mvula isanayambe ndiponso wa masiku ochepa pawailesi, ndipo ulosi wa masiku ochepawo ndi umene ungakuuzeni ngati mvula ina ikutsatira. Chaka chimene alengeza za El Niño mukhale tcheru koposa, pakuti kuno kummwera nyengo imeneyi imabweretsa mvula yochedwa ndi ng'amba zazitali, monga zinachitikira mu 2015/16 ndi mu 2023/24, pamene Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza m'mwezi wa Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala.

Funso: Mvula ya matalala yang'amba masamba a chimanga changa cha milungu iwiri ndi tomato wa kudimba. Kodi pali chopulumuka? — Mlimi wa ku Mpemba

Yankho: Chimanga cha msinkhu umenewo kawirikawiri chimachira, choncho chipatseni masiku anayi kapena asanu muone ngati tsamba latsopano likutuluka pakati, likatuluka lobiriwira, musachizule. Tomato ndiye wovuta, chifukwa mabala a matalala ndiwo khomo la matenda. Thyolani zipatso zosweka ndi nthambi zophwanyika, muzitaye kutali ndi dimba, mumangirirenso mitengo imene yagwa, ndipo mlangizi wa m'dera lanu akuuzeni mankhwala oteteza ku chiwawu amene mungapopere madzi akauma pamasamba.