Laputopu yanga yakalamba, kodi nditenge ngongole ndigule ina?

Mayi wina amene ali ndi bizinesi yotayipa ndi kusindikiza makalata wandilembera motere: "Laputopu yanga ndinaigula mu 2016. Masiku ano imachedwa kuyaka moti kasitomala amatopa kudikira, ena amangochoka. Yayambanso kundiuza kuti Windows 10 yasiya kuthandizidwa. Wogulitsa wina wandionetsa laputopu yogwirapo ntchito ya i7, akuti ndi yamphamvu kwambiri ndipo mtengo wake ndi wotsika. Ndikufuna kutenga ngongole kuti ndiigule. Mundithandize nzeru."

Mayi, zikomo polemba. Pempho langa loyamba ndi lakuti sabata ino musasayine pepala la ngongole. M'kalata yanu muli mavuto awiri omwe mwawamanga mtolo umodzi, koma lililonse lili ndi mankhwala ake. Laputopu yomwe akukuonetsaniyo ikhoza kulephera kuchiza onse awiri.

Tiyambe ndi kuchedwa. Malaputopu ambiri a nthawi imeneyo ankabwera ndi hadi disiki, yomwe m'kati mwake muli kambale kozungulira maulendo 5400 pa mphindi, ndi kadzanja kamene kamayenda pamwamba pake kufunafuna zomwe mwasunga. Zaka zikamapita mapulogalamu amanka nalemera, koma kadzanja kaja kamayenda monga kale. Mukafuna kudziwa ngati vuto lanu ndi limeneli, dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi, mutsegule pamene palembedwa Performance. Mukaona kuti Disk ikungokhala pa 100% pomwe CPU (purosesa, ubongo wa kompyuta) ili pansi, dziwani kuti ubongo wa makinawo udakali bwino, chomwe chatopa ndi mosungira zinthu. Mankhwala ake ndi kuchotsa hadi disikiyo n'kuikamo SSD, chosungira zinthu cha mtundu watsopano. Iyi ilibe kanthu kozungulira, ndipo ngakhale ya mtundu wamba imawerenga pafupifupi 500 MB pa sekondi pomwe hadi disiki ya laputopu imakhala cha m'ma 100. Kusiyana kwake mumakuona tsiku lomwelo poyatsa. Ngati RAM yanu, yomwe ndi malo amene kompyuta imaikamo zomwe ikugwira panthawiyo, ndi 4 GB ndipo muli malo owonjezera, ifikitseni pa 8 GB. Zonsezi mtengo wake ndi kagawo kochepa chabe ka mtengo wa laputopu ina.

Vuto lachiwiri ndi lomwe SSD singathetse. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, patatha zaka khumi chiitulutsireni mu 2015. Izi sizikutanthauza kuti kompyuta izima. Ipitiriza kuyaka, kutayipa ndi kusindikiza. Chomwe chasiya kubwera ndi zigamba zotseka mipata yomwe akuba a pa intaneti amalowerapo. Ena amati zimenezi ndi zongoopseza kuti tigule zatsopano, ndipo ndimamvetsa kukwiya kwawo, chifukwa kutaya makina omwe akugwira ntchito kumapweteka. Komabe kumbukirani zomwe zinachitika mu Meyi 2017. Vairasi yotchedwa WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta a m'maiko oposa 150, kuphatikizapo zipatala za boma ku Britain, n'kumafuna dipo. Chigamba chotseka mpata womwe inalowerapo chinali chitatuluka kale m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho. Omwe anagwa m'mavuto ndi amene anali asanachiike. Inu, Mayi, tsiku lililonse mumalowetsa mafulashi a anthu osiyanasiyana m'laputopu yanu, ndiye muli pangozi kuposa munthu amene amangoonera mafilimu kunyumba.

Microsoft inakonza ndondomeko yotchedwa ESU yopitiriza kupereka zigamba kwa anthu wamba mpaka pa 13 Okutobala 2026. Imeneyo ndi mpata wopumira basi, kuti musonkhanitse ndalama mosathamanga. Njira yokhalitsa ndi Windows 11, koma iyo imasankha. Imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo pa mapurosesa a Intel imalandira makamaka a m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, omwe anayamba kutuluka mu 2017. Laputopu ya 2016 nthawi zambiri imakhala ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi kapena wachisanu ndi chiwiri, ndiye sifika.

Apa ndi pomwe nkhani ya i7 ija ikundidetsa nkhawa. Dzina lakuti i7 ndi la banja la mapurosesa, silikuuzani zaka. Intel yakhala ikugwiritsa ntchito dzinali kuyambira mu 2008. Chofunika ndi nambala yomwe imabwera pambuyo pake. Pa i7-4600U, nambala yoyamba 4 ikusonyeza m'badwo wachinayi, wa mu 2013, ndipo purosesa imeneyi ili ndi mitima iwiri yokha yogwirira ntchito. Pa i5-8250U, nambala 8 ikusonyeza m'badwo wachisanu ndi chitatu, ili ndi mitima inayi, ndipo imalandira Windows 11. Choncho i5 imeneyi imaposa i7 ija patali, ngakhale kachomata ka pamwamba kakunena zina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati i7 yotsika mtengoyo ndi ya m'badwo wachinayi kapena wachisanu, ndiye kuti mukatenga ngongole kuti mugule makina akale kuposa omwe muli nawo kale. Pa mapurosesa a m'badwo wa 10 mpaka wa 14 nambala ya m'badwo imakhala ya manambala awiri, monga i5-1135G7 yomwe ndi ya m'badwo wa 11.

Sindikuletsani kugula yogwirapo ntchito. Ine ndimalimbikitsa amabizinesi ang'onoang'ono kutero, makamaka malaputopu omwe anapangidwira maofesi monga ThinkPad, Latitude ndi EliteBook, chifukwa ndi olimba ndipo zipangizo zake sizivuta kupeza. Koma pitani kwa wogulitsayo ndi maso anu. Muyatse nokha, mutsegule Settings, System, kenako About, muwerenge dzina lonse la purosesa. Muone ngati Windows 11 inaikidwa mwa njira yake, chifukwa ena amaikakamiza pa makina osayenerera kuti aoneke atsopano, ndipo Microsoft imanena poyera kuti makina otere sakulonjezedwa zigamba. Za batire, lembani powercfg /batteryreport mu Command Prompt, pulogalamu ya mu Windows yolembamo malamulo, mudzaona mphamvu yomwe batire linali nayo lili latsopano ndi yomwe latsala nayo. Dinani batani lililonse, inu ndinu wotayipa, kiyibodi ndiyo khasu lanu. Pomaliza funsani lisiti yokhala ndi nambala ya makinawo ndi masiku omwe mungabweze akapezeka ndi vuto. Wogulitsa akakana kulemba zimenezi, musalimbane naye, ingochokani.

Tsopano za ngongole. Kwa sabata imodzi khalani ndi kope pambali. Lembani kasitomala aliyense amene wachoka chifukwa chodikira, ndi ndalama yomwe akanasiya. Muchulukitse kanayi kuti muone za mwezi. Kenako funsani wobwereketsayo ndalama yonse yomwe mudzakhale mutabweza pamapeto, chiwongoladzanja ndi tindalama tina tonse tili momwemo, osati ya mwezi yokha. Ngati zomwe mukutaya pamwezi n'zochepa kuposa zomwe muzibweza pamwezi, ngongoleyo izidya phindu lomwe muli nalo kale. Mmene ndikuonera, njira yabwino kwa inu ndi iyi: ikani SSD tsopano kuti makasitomala asiye kuthawa, lembetsani ku ESU ngati nthawi yake ikadalipo, ndipo pa ndalama yomwe yabwerera muzipatula kagawo mwezi uliwonse kogulira laputopu yoyenera ndi ndalama zanu. SSD imeneyo siidzapita pachabe. Mukadzagula ina mudzaiika m'kabokosi ka USB n'kukhala mosungira mafayilo anu.

Ena angakuuzeni kuti muike Linux Mint m'malo mwa Windows, chifukwa ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale. Ndi nzeru yabwino kwa anthu ambiri. Kwa inu ndikukayikira pang'ono, chifukwa makasitomala amakubweretserani mafayilo a Word okonzedwa kale, ndipo mukawatsegula mu LibreOffice, pulogalamu yomwe imagwira ntchito ya Word mu Linux Mint, nthawi zina mizere ndi matebulo zimasuntha. Mutha kuiyesa kuchokera pa fulashi popanda kufufuta kalikonse, muone ngati purintala yanu ikumvana nayo.

Kalata ina, yaifupi, ndi ya bambo amene amagulitsa zipangizo za galimoto. Iwo akuti: "Mnyamata amene amandikonzera kompyuta akuti andiikira Office yaulere, bola ndizimitse kaye antivairasi. Ndimangofuna Excel yolembera katundu ndi ngongole za makasitomala. Kodi pali vuto?"

Bambo, vuto lilipo, ndipo mwalitchula nokha. Pulogalamu yomwe ikufuna kuti muchotse mlonda pakhomo isanalowe ndi yoti muikayikire. Office yotere ndi yothyoledwa, kuigwiritsa ntchito ndi kuphwanya malamulo a umwini, komanso simudziwa chomwe wothyolayo anabisamo. Mnyamata wanuyo mwina alibe cholinga choipa, nayenso anangoitenga pa intaneti. Koma ngati pa kompyuta yomweyo mumalowera ku banki kapena ku imelo ya bizinesi, mapasiwedi anu akhoza kutuluka inu osadziwa. Pa ntchito yomwe mwanenayi simufunika kulipira kalikonse. LibreOffice ndi yaulere mwalamulo, yakhalapo kuyambira mu 2010, ndipo gawo lake lotchedwa Calc limatsegula ndi kusunga mafayilo a Excel popanda intaneti. Google Sheets ndi Excel ya pa intaneti nazonso ndi zaulere ngati muli ndi akaunti. Mukafuna Office yeniyeni pali njira ziwiri: Microsoft 365 yolipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndi Office 2024 yogula kamodzi. Munthu asakugulitseni Office 2016 kapena 2019, izo zinasiya kuthandizidwa tsiku lomwe lija la 14 Okutobala 2025.

Mawu akuti ngongole za makasitomala m'kalata yanu ndi omwe andigwira mtima kwambiri. Ndinathandizapo wamalonda wina amene kompyuta yake inafa usiku umodzi, hadi disiki itangosiya kuzungulira. Kugula ina sikunamuvute kwenikweni. Chomwe chinamugwetsa ndi chakuti mndandanda wonse wa anthu omwe anatenga katundu pangongole unali mmenemo, ndipo kunalibe kwina. Anayamba kuyenda kufunsa anthu kuti amukumbutse zomwe anatenga. Oona mtima analipira, ena anati sakukumbuka. Ndinkamuona akuwerengera pamtima maina usiku ndi usana, ndipo ndalama zambiri sizinabwerenso.

Nonse awiri, Mayi ndi Bambo, chitani ichi musanagule chilichonse. Fayilo iliyonse yomwe bizinesi yanu singayende popanda iyo ikhale m'malo atatu: pa kompyuta, pa fulashi kapena disiki ya padera, ndi kwina kunja kwa shopu yanu. Akaunti ya Google imapereka 15 GB yaulere, ya OneDrive imapereka 5 GB, ndipo mndandanda wa katundu ndi ngongole wa zaka zambiri sungadzaze ngakhale kagawo kakang'ono ka malo amenewo. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, potseka, lokopera mafayilo. Mukamaliza chotsani fulashiyo pa kompyuta, chifukwa vairasi yotseka mafayilo imatsekanso chilichonse chomwe yachipeza chili cholumikizidwa. Kamodzi pa mwezi tsegulani fayilo imodzi ya pa fulashiyo muone ngati ikuwerengeka, ndipo muyang'ane tsiku lomwe inasungidwa komaliza.