Kodi Amalawife ndi nkhosadi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mlongo wina amene amagwira ntchito m'sitolo ya zovala ku Johannesburg. Akuti pa nthawi ya nkhomaliro anzawo anayambitsa macheza ofanizira mayiko ndi nyama. Mnyamata wa ku Nigeria anadzitcha chiwombankhanga, wa ku Zimbabwe anatchula mbalame yamwala ija ya pa mbendera yawo, ndiye itafika nthawi yawo, wina anangoti, "Amalawi ndi nkhosa," onse n'kufa nazo nseko. Funso lawo ndi lakuti: "Ndikanayankha chiyani? Nanga ifeyo nyama yathu ndi iti?"

Achemwali, pepani kuti nsima inawawa tsiku limenelo. Koma musanakwiye, yambani mwafunsa kuti nyamayo wasankha ndani. Dziko likamadzisankhira lokha limatola nyama imene limalakalaka litakhala. Likasankhiridwa ndi anzake, kawirikawiri imakhala yonyoza. Palibe mwa ziwirizi chimene chimanena zoona zonse za anthu ake.

Taonani Angerezi. Mikango itatu imene ili pa yunifolomu ya timu yawo inachokera pa chizindikiro cha mfumu Richard woyamba, zaka zoposa 800 zapitazo, chonsecho m'tchire la ku England mulibe mkango. Imene ankaiona inali ya m'khola ku Tower of London. Ifenso tisaseke kwambiri. Pa chizindikiro cha boma lathu cha mu 1964 pali mkango mbali ina, kambuku mbali ina, nkhwazi pamwamba. Koma ku Majete mikango inali itatheratu, mpaka mu 2012 anachita kukaitenga komwe muliko ku South Africa. Kamuzu naye ankatchedwa Mkango wa Malawi, ndipo amene tinakula nthawi imeneyo tikudziwa kuti mkango ukabangula sumafunsa maganizo a mbawala.

Nkhani imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya tambala wa Afalansa. M'Chilatini mawu akuti gallus amatanthauza tambala, komanso munthu wa ku Gaul, dzina lakale la dera lawolo. Adani awo ndi amene ankakonda kuwaseka nawo mawuwa, kuti ndi anthu odzitukumula ngati tambala pakati pa misoti. Eni akewo m'malo mokwiya anamutola tambalayo n'kumusandutsa wawo, lero ali pachifuwa pa osewera mpira awo. Kwathu kuno tambala yemweyo anabwera ndi tanthauzo lina: kulira kwake ndi kwacha, ndiye anakhala chizindikiro cha chipani cha MCP, ndipo kuyambira mu 1971 ndalama yathu ndi kwacha ndi tambala. Mbalame imodzi, kwina matama, kuno m'bandakucha.

Chimbalangondo cha Russia nachonso chinafala ndi ojambula zithunzi zoseketsa a kumadzulo kwa Ulaya, pofuna kuonetsa dziko lalikulu, laukali ndi losaganiza. Pa masewera a Olympic a ku Moscow mu 1980 eni ake anachisandutsa kachidole komwetulira kotchedwa Misha.

Ndipo ngakhale nyama yodzisankhira imakhala ndi mbiri yake yobisika. America inaika chiwombankhanga pa chidindo cha boma mu 1782, koma patangopita zaka ziwiri Benjamin Franklin, mmodzi mwa atsogoleri amene anayambitsa dzikolo, analembera kalata mwana wake wamkazi kudandaula kuti mbalameyi ndi yamakhalidwe oipa, imadikira inzake igwire nsomba n'kuilanda, bola nkhukundembo. Nkhwazi yathu, imenenso ili pa mbendera ya Zambia, ndi msuwani wa mbalame imeneyo, ndipo khalidwelo ndi lomwelo. Ndinaionapo ku Mangochi itakhala phee pamtengo m'mawa wonse, kenako n'kutsomphola nsomba imene mbalame ina inavutikira. Ndikaiona pa chizindikiro cha boma ndimaganiza zina, koma zimenezo ndi za tsiku lina.

A ku Benin ndiye anachita kusinthiratu. Timu yawo inkatchedwa Agologolo, koma mu 2022 anaona kuti gologolo saopsa munthu, n'kudzitcha dzina la cheetah, kambuku waliwiro uja. Osewera ake anali omwewo.

Tsopano za nkhosazo. Ndikudziwa kumene zikuchokera. Timagwada popereka moni, timati "zikomo" ngakhale wina watiponda phazi, ndipo kunja mabwana amatikonda chifukwa sitiyankha. Zina mwa izi ndi ulemu weniweni, zina ndi mantha a munthu amene mapepala ake sali bwino ndipo kumudzi akudikira ndalama ya feteleza. Mnzanuyo anaona munthu wofatsa pa ntchito n'kuyesa kuti waona mtundu wonse. Sanamve za John Chilembwe mu January 1915. Sanamve za kalata ya mabishopu a Katolika mu March 1992, kapena za pa 14 June 1993 pamene anthu omwe ankati ndi ogona anavotera zipani zambiri n'kusiya Mkango uja uli kukamwa yasa. Mu 2019 misewu ya Lilongwe ndi Mzuzu inadzaza miyezi ingapo, pa 3 February 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti, ndipo mu June anthu anavotanso. Nkhosa sizichita zimenezo.

Mukandikakamiza kuti ndisankhe, ine sindipita ku Majete. Ndingoloza pabwalo pa agogo anga ku Ntcheu, pomwe pankakhala thadzi lachikuda lofiirira. Palibe ankalipatsa chakudya chogula. Linkadzuka kusanache, kupalasa kudzala, kutola gaga wogwa pa mtondo, ndipo mukaliponyera chitsononkho linkangosuntha pang'ono n'kupitiriza zake. Ana tinkalitenga ngati chitsiru. Tsiku lina ndinatola mwanapiye wake mmodzi kuti ndikaonetse anzanga. Chimene ndikukumbuka ndi mapiko kumaso, fumbi, ndi agogo akuseka pakhonde osandithandiza n'komwe. Chipsera chake chikadalipo pansi pa diso lamanzereli.

Lolemba mukamadya nawonso, auzeni za thadzilo. Akaseka, mufunseni wa nkhosa uja ngati anayesapo kutola mwanapiye mayi wake akuona.