Kodi kalabu ya ngolo za mahatchi imachita chiyani, nanga wopanda hatchi angalowemo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Malawi amene akugwira ntchito ya unamwino m'dera la Cumbria, kumpoto kwa England. Mayiwa alemba kuti mnzawo wa kuntchito wakhala akuwaitanira ku kalabu ya anthu oyendetsa ngolo zokokedwa ndi mahatchi, koma iwo akukayika chifukwa alibe hatchi, sanakwerepo hatchi, ndipo ngolo yokhayo imene amaidziwa ndi ya ng'ombe yomwe inkatuta chimanga kwawo ku Mchinji. Akufuna kudziwa zimene anthu amachita m'makalabu otere, komanso ngati munthu wonga iwo angakhale ndi malo kumeneko.

Mayi, pitani ndithu, ndipo mupite opanda hatchi. Ndikutero chifukwa masewerawa sachitika ndi munthu mmodzi. Woyendetsa akakhala pampando ndi kugwira zingwe, sayenera kutsikanso kufikira ulendo utatha, choncho pafunika wina woima kumutu kwa hatchi pomanga ngolo, wotsegula zipata, ndi wotsika msanga pamene chingwe chakodwa kapena galimoto yatulukira pakona. Makalabu ambiri amasowa anthu otere kuposa mmene amasowera mahatchi, ndipo mlendo amene wabwera ndi manja ofuna ntchito amalandiridwa bwino.

Zochitika za makalabu a ku Britain zili m'magulu awiri, ndipo ndi bwino kufunsa mnzanuyo kuti kalabu yake ili mbali iti. Gulu loyamba ndi la oyenda mongosangalala, ndipo ambiri a iwo ali pansi pa bungwe la British Driving Society, limene linakhazikitsidwa mu 1957, pa nthawi imene magalimoto ndi mathirakitala anali atalanda kale ntchito ya mahatchi ndipo luso lomanga hatchi pangolo linkaoneka kuti likutha. Mamembala amakumana pafamu ya mmodzi wa iwo, kawirikawiri Loweruka kapena Lamlungu, n'kuyenda mondondozana m'misewu ya kumidzi kwa maola angapo, kenaka n'kudyera limodzi kamba amene aliyense wanyamula. Nthawi zina amachita zionetsero, kumene oweruza amayang'ana ukhondo wa hatchi, kuwala kwa zikopa ndi zitsulo, ndi kavalidwe ka woyendetsa, amene amavala chipewa, magolovesi ndi nsalu yofunda m'miyendo.

Kupeza njira yodutsamo ndi ntchito yaikulu ya makalabuwa, ngakhale kuti alendo saiona. Ku England ngolo siiloledwa m'tinjira tonse timene wokwera hatchi pamsana amaloledwa, kotero atsogoleri a kalabu amatha nthawi yambiri akupempha chilolezo kwa eni minda ndi kuyendera njirazo pasadakhale. Pamsewu waukulu zinthu zinasinthako mu 2022, pamene malamulo a pamsewu a dzikolo anawonjezera zoti woyendetsa galimoto podutsa hatchi kapena ngolo asapitirire liwiro la mamailosi 10 pa ola, ndiponso asiye mpata wosachepera mamita awiri. Inu amene mumayendetsa galimoto popita kuntchito m'misewu yopapatiza ya ku Cumbria, lamuloli likukukhudzani ngakhale mutapanda kulowa kalabuyo.

Gulu lachiwiri ndi la mpikisano, umene umayang'aniridwa ndi bungwe la British Carriagedriving. Mbiri yake ndi yolumikizana kwambiri ndi Kalonga Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth II. Kalongayu anali mtsogoleri wa bungwe la masewera a mahatchi la dziko lonse lapansi la FEI kuyambira 1964 mpaka 1986 ndipo anathandiza kukonza malamulo a mpikisanowu. Iye anayamba kuyendetsa ngolo atasiya polo, masewera omenya mpira uli pamsana pa hatchi, mu 1971, ali ndi zaka 50, ndipo anali m'timu ya Britain imene inapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Windsor mu 1980. Atakalamba ankayendetsa timahatchi tatifupi ta mtundu wa Fell, timene kwawo kwenikweni ndi m'mapiri a ku Cumbria komwe mukukhalako, ndipo tiwiri mwa timahatchi take tinaima ndi ngolo yake pamaliro ake mu 2021. Ku Lowther, pafupi ndi Penrith, kunkachitika kwa zaka zambiri mpikisano wotchuka umene kalongayu ankachita nawo.

Mpikisano uli ndi zigawo zitatu. Choyamba, chotchedwa dressage, chimachitikira pabwalo losalala, pamene hatchi imayenda, kuthamanga pang'ono, kuzungulira, kuima ndi kubwerera m'mbuyo motsatira ndondomeko imene woyendetsa waloweza pamtima. Kwa mlendo chigawo chimenechi chimatopetsa kuonerera, ndipo sindingakunamizeni kuti mudzachikonda tsiku loyamba. Chomaliza ndi chodutsa pakati pa zipilala zapulasitiki zoikidwa ziwiriziwiri, mpata wake woposa pang'ono chabe kutambalala kwa ngolo. Pamwamba pa chipilala chilichonse pamakhala kampira, ndipo kakagwa woyendetsa amalangidwa ndi mapointi atatu.

Chigawo chapakati, cha marathon, ndicho chimene chimakoka anthu, ndipo m'menemo ndi mmene wothandiza amaonekera kufunika kwake. Ngolo imayenda makilomita angapo kutchire ndi kulowa m'malo opingasa omangidwa ndi mitengo, ena okhala ndi madzi, ena pachitunda. M'malo alionse muli zipata zolembedwa zilembo kuyambira A, zimene ziyenera kudutsidwa motsatana, chizindikiro chofiira chili kudzanja lamanja ndipo choyera chili kumanzere, nthawi ikuwerengedwa. Wothandiza amaima kumbuyo kwa ngolo atavala chipewa cholimba ndi chotchinga pachifuwa, ndipo ngolo ikamakhota mwaliwiro amaponya thupi lake mkati mwa kona kuti matayala asanyamuke, kwinaku akukumbutsa woyendetsa chipata chotsatira ndi kuyang'ana wotchi. Woyendetsa waluso amene wothandiza wake wasokoneza zipata amataya mapointi ngati wophunzira, ndipo n'chifukwa chake awiriwa amayamba ayendera malowo wapansi, kubwerezabwereza, asanamange hatchi.

Pa nkhani ya ngolo ya ku Mchinji, zimene mukudziwa sizopanda ntchito. Munthu amene anaonapo ng'ombe zikumangidwa m'goli amamvetsa kale kuti katundu akapendekera kumbuyo kapena kutsogolo nyama imavutika, kuti potsetsereka ngolo imakankha chiweto, ndiponso kuti nyama yokoka imamvera mawu a munthu amene yamuzolowera. Koma pali kusiyana kumodzi kumene muyenera kukusunga mumtima. Hatchi ikadzidzimuka, nzeru yake yoyamba ndi kuthawa, ndipo ikathawa ndi ngolo, phokoso la ngoloyo kumbuyo kwake limaiopseza koposa, motero imathamangirabe. Malamulo onse amene adzakuuzeni tsiku loyamba akuchokera pamenepa. Woyendetsa amakwera choyamba ndi kutsika pomaliza, zingwe zili m'manja. Zomangira kumutu kwa hatchi sizivulidwa ngolo isanamasulidwe, ngakhale kwa kamphindi koipatsa madzi, chifukwa pamenepo palibe chimene chingaigwire. Chikwapu chimene woyendetsa amanyamula si chomenyera, koma chokhudzira hatchi pambali poilozera kopita, popeza iye alibe miyendo pamimba pake monga wokwera pamsana.

Za ndalama ndinene mosabisa kuti kukhala ndi hatchi ku Britain n'kodula, ndipo sindikulangizani kuti muganize zogula m'chaka choyamba. Hatchi iliyonse imafunika chiphaso chake ndi kachipangizo koizindikiritsa kobayidwa pakhosi, katemera, khola, udzu wouma wa m'nyengo yozizira, inshuwalansi, ndi mmisiri wovomerezeka wosema ziboda ndi kukhomera nsapato zachitsulo, amene amabwera pafupifupi milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu iliyonse. Pamwamba pa izo pali ngolo, zikopa zomangira ndi galimoto yonyamulira zonsezi. Wothandiza salipira zimenezi. Iye amangopereka ndalama ya umembala, imene nthawi zambiri imakhala yotsika kwa osayendetsa, ndipo amaphunzira pa hatchi ya wina imene inaphunzitsidwa kale.

Popeza ndinu namwino, ndikutchulireninso bungwe la Riding for the Disabled Association, limene linayamba mu 1969 ndipo magulu ake ena amayendetsa ngolo ndi anthu aulumali. Ngolo zina zinapangidwa mwakuti njinga ya munthu wolumala imakwera ndi kumangidwa bwinobwino, ndipo pambali pake pamakhala mphunzitsi wogwira zingwe zachiwiri. Magulu amenewa amadalira anthu ongodzipereka, ndipo munthu wodziwa kusamalira odwala monga inu angakhale wothandiza kwambiri kumeneko.

Ngati mashifiti anu salola kutha tsiku lathunthu kutchire, funsani za mipikisano ya m'nyengo yozizira, imene imachitikira m'mabwalo ofoleredwa kuyambira chakumapeto kwa chaka kufikira chakumayambiriro kwa chaka chotsatira. Zigawo zonse zitatu zimafupikitsidwa n'kutha tsiku limodzi, ndipo nthawi zonse pamafunika wobwezera timipira pa zipilala, wogwira wotchi ndi wolemba zimene woweruza akunena. Muuzeni mnzanuyo kuti akulembetseni pa imodzi mwa ntchito zimenezi, ndipo muvale nsapato zolimba zotseka zala ndi jekete yosalowa madzi, chifukwa ngakhale bwalo lili ndi denga, mahatchi amamangidwa panja.